Mkazi wa ku Halale

Lucia anayamba kutupa mapazi m'nyengo yotentha, anthu akupanga mizere. Amayi ake, Tisiyenji, anali atamuletsa kuyamwa chifukwa anali ndi pakati pena, ndipo mwanayo ankangodalira phala lamadzimadzi la ufa woyera. Tsitsi linafiira, masaya anafufuma, ndipo kulira kwake kunali ngati kwa kamphaka.

Bambo ake, Nasoni, anali mkamwini m'mudzi mwathu, kufupi ndi Nambuma, ndipo anali atabwera miyezi ingapo m'mbuyomo kuchokera ku Halale komwe ankagwira ntchito m'minda ya fodya. Kwa ife umenewo unali umboni wokwanira. Tonse tinati ndi tsempho: bambo akayenda ndi mkazi wina n'kudzanyamula mwana wake, mwanayo amatupa, ndipo sachira mpaka bamboyo atavomera, mankhwala n'kupangidwa.

Zaka zimenezo boma linkatuma azaumoyo m'midzi kukaphunzitsa kadyedwe. Kwathu kunkabwera a Gideoni pa njinga. Anadina mwendo wa Lucia, chala n'kusiya kadzenje. Anati pano palibe tsempho, mwanayu akuperewera chakudya. M'phala muziikidwa nsinjiro ndi dzira, ndipo apite naye msanga kuchipatala cha mishoni komwe masisitere ankagawa mkaka waufa. Tinawomba m'manja, tinawathokoza, tinawaperekeza mpaka kumsewu. Ife pa ulemu sitilephera, koma kumva ndiye ayi.

Amene anamva anali Nasoni yekha, munthu wopanda mawu pamudzi. Mtedza wotsala unali wambewu, ndipo unali m'nyumba ya apongozi ake. Za dzira anthu anamuseka, kuti akufuna mwana agwe khunyu. Ataganiza zongomunyamula kupita naye kuchipatala, anamuimitsa a Enock, atsibweni a Tisiyenji, omwe anali eni mbumba.

"Inu akamwini, mwanayu ndi wathu," anatero a Enock. "Tchulani kaye mkaziyo, tipange mankhwala. Mukatero mupite naye kwa masisitere anuwo."

Nasoni analumbira kuti ku Halale sanakhudzeko mkazi aliyense, ndipo ankanena zoona. Koma choonadicho sichinathandize mwana. Masiku ankapita, khungu la Lucia linayamba kusupuka ngati wapsa ndi moto, phala lomwe lija n'kumalikana. Tisiyenji anamugwadira mwamuna wake kuseri kwa nkhokwe, akulira.

"Bambo a Lucia, ine sindikwiya. Ingonenani."

Mawu amenewa anamupweteka kuposa chipongwe cha mudzi wonse. M'mawa mwake anakhala pansi pamaso pa akuluakulu n'kupeka mkazi, dzina lake Imelda, wophika mowa pafamu. Mitima ya anthu inakhala pansi, ena mpaka kumuyamika. Mizu inakumbidwa, mwana anamwetsedwa ndi kusambitsidwa, ndipo pamenepo m'pamene anamulola kupita naye.

Anam'bereka yekha kumsana ngati mayi, osasamala omuseka m'njira. Sisitere ataona mwanayo anangofunsa kuti anali kuti nthawi yonseyi. Mkaka unalipo, koma Lucia sanathenso kumeza. Anamwalira tsiku lotsatira.

Pamaliro a Enock anauza anthu kuti mkamwini anavomera mochedwa, akanafulumira bwenzi mwana alipo. Palibe anatchulako za nsinjiro. Titameta, Nasoni anapatsidwa mphasa ndi khasu lake kuti azipita kwawo.

Asananyamuke anapeza Tisiyenji pamtondo akukonola chimanga, mimba ili patsogolo. Anafuna kuti munthu mmodzi yekhayo adziwe zoona. Anamuuza kuti Imelda kulibe, sanakhaleko, anangomupeka kuti amulole kupita ndi mwana kuchipatala.

Tisiyenji anatsamiritsa munsi pamtondo.

"Ndiye munanama pa mankhwala?" anafunsa motsitsa mawu. "N'chifukwa chake sanagwire ntchito."