Mzere Wokana Kupendekeka

Tusekile ankaphunzitsa zamagetsi pa koleji ina ya ntchito zamanja ku Karonga. Ndege anali asanakwerepo, koma chionereni kanema wa m'chipinda cha oyendetsa ndege, kagalasi kena kozungulira sikanamuchoke m'mutu. Kumwamba kwake kunali kwa buluu ngati thambo, kunsi kofiirira ngati dothi, pakati pali mzere. Ndege ikapendekeka mzerewo umasuntha, woyendetsa n'kudziwa kumene kuli dziko ngakhale ali m'mitambo.

Anaganiza zopanga kake. Mu laputopu yake munali pulogalamu imene sulembamo mawu ambiri. Umangokoka timabokosi pa sikirini n'kutilumikiza ndi timizere ngati mawaya. Kabokosi kena kankalandira manambala kuchokera ku foni, poti foni imamva ikapendekeka. Kena kankawerengera, komaliza n'kujambula thambo ndi dothi.

Loweruka lina mlamu wake Yotamu, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto, anamupeza pakhonde akugwedeza foni m'mwamba, maso ali pa sikirini.

"Alamu, mwayamba kuwombeza?"

"Ndikupanga maso a ndege. Taonani."

Yotamu anaona mzere ukutsatira dzanja la Tusekile. Anaitenga foniyo n'kuyesa yekha, kenaka anati, "Koma pakhonde ndege siuluka. Tiyeni tikamangirire pa njinga. Pokhota ine ndimagona nayo ngati ndege yomwe."

Anamanga foniyo pa thanki ndi mphira, laputopu n'kuiika m'chikwama kuti izisunga manambala a ulendo wonse. Anatenga msewu wa ku Uraha, n'kukaima pansi pa mtengo wa mango kuti aone zimene zajambulidwa. M'maenje mzere unkanjenjemera. Koma m'makona monse unangoti phee, wowongoka ngati akuyenda pamsewu wopanda gulaye.

"Chikunama ichi!" anatero Yotamu. "Pakona ya pamlatho paja bondo linatsala pang'ono kukhudza pansi."

Tusekile anatsata timawaya take tonse, cholakwika osachipeza. Anapendeketsa njinga ili chiimire, mzere n'kupendekeka bwinobwino. Nanga n'chifukwa chiyani unkakana njinga ikamathamanga?

Pagolosale ina, ya mayi Naima, Tusekile anagula botolo la madzi, kumwako theka, n'kulimanga choimika pafupi ndi foni. Anapita pabwalo la mpira lopanda anthu.

"Zungulirani, alamu. Ine ndiziona madzi."

Njinga inagona, Tusekile atasuzumira paphewa la Yotamu. Ankayembekeza kuti madzi athamangira mbali yakunsi. Ayi ndithu, anangokhala m'botolomo ngati lili patebulo, chonsecho botolo lapendekeka pamodzi ndi njinga.

"Imani! Imani!"

Yotamu sanakhulupirire mpaka atazunguliranso yekha, diso limodzi lili pa botolo. Anabwerako akupukusa mutu. "Zaka zonsezi ndili pa njinga, izi sindinazionepo. Madzi nawonso akunama?"

"Sakunama," anatero Tusekile pang'onopang'ono, naye akuzimvetsa kumene. "Pokhota pali mphamvu ina imene imatikanikizira pampando. Madzi ndi foni zikuyesa kuti kumeneko ndiko pansi. Ndiye kuti munthu ali m'mitambo, thupi lake limamupusitsanso chimodzimodzi."

Anakhala pa udzu, laputopu pamiyendo. Mufoni munali kachipangizo kena koyeza kutembenuka, kamene iye anakanyalanyaza poyamba. Anakoka timabokosi tina, kudula waya uyu, kulumikiza uyo. Pa ulendo wotsatira, mzere unapendekeka ndithu, koma unkapitirira wokha, mwakuti poima thambo linali litatsala pang'ono kulowa pansi. Anaseka mpaka misozi. Tusekile anasakaniza manambala a zipangizo zonse ziwiri kuti chimodzi chiziwongola chinzake, ndipo anayesanso.

Tsopano mzere unkagona pokhota n'kudzuka powongoka. Koma Yotamu anakwinya nkhope.

"Mwatembenuza, alamu. Ine ndinagonera kumanzere, ichi chagonera kumanja."

"Mzerewu si njinga yanu, ndi dziko. Inu mukagonera uku, dziko limaoneka ngati lagonera uko."

"Dziko silipendekeka."

"Kaoneni mapiri aja mukukhota."

Yotamu analiza njinga. Anazungulira kamodzi, mutu utaloza kumapiri a kumadzulo, anazunguliranso, kenaka anatembenuka n'kuyamba kuzungulirira mbali inayo. Ali kutsidya kwa bwalo anakuwa, mawu akulimbana ndi injini:

"Alamu! Akugonadi!"