Kompyuta Yopita Kumaliro

Ndinalota ndikulemba malipoti a ana pa kompyuta ya kusukulu kwathu, aphunzitsi aakulu atandiimirira kumbuyo. Ndikangofika pa dzina lakhumi, kompyuta inkanditulutsa yokha, zonse n'kufufutika. Katatu konse! Mabatani ankatentha ngati malata a padzuwa.

Kenako kunabwera mayi wokonza makompyuta atavala chitenje chakuda. "Madamu, tiyeni tione kaundula amene imalembamo zochita zake," anatero. Kaundulayo linali buku lonunkha fumbi, ndipo mzere uliwonse unkati: "Ndapita kumaliro."

"Maliro a ndani?" ndinakuwa. "Malipotiwa akufunika lero!"

"Musakuwe, ndi yofedwa," anatero mayi uja.

Kaya malotowa akutanthauzanji. Koma lero kusukulu yanditulutsanso, ndipo ine, chitsiru, ndinayamba ndi kuipepesa.