Kachipi Kochotsera Apongozi

Apongozi anabwera kudzaona mdzukulu ali wakhanda, koma mwanayo anakwawa, anayenda, mpaka anaphunzira kutukwana, iwo akadali pompo. Mkamwini wawo, wokonza mawailesi, anali atalandidwa mpando wake wa khushoni, rimoti, ngakhale kapu yake ya tiyi.

Chowakhalitsa chinali makina oswetsa mazira pakhonde lakuseri. Magetsi akangophethira, osati kuzima ayi, kungofooka n'kubwerera, ubongo wa makinawo unkabalalika. Nyali ili ngwee, koma mazira osatenthedwa, osatembenuzidwa. Mankhwala ake kunali kuzula pulagi, kudikira pang'ono, n'kubwezera. Ntchito imeneyi apongozi anaitenga ngati ya boma, ndipo ankawonjezera khofi limodzi pachivundikiro. Nkhani yobwerera kwawo ikangoyamba, ankafunsa kuti nanga mazira awasiyire ndani.

Tsiku lina mkamwini anabwera ndi kachipi, kachipangizo ka magetsi kakang'ono ngati nsabwe, ka miyendo itatu, n'kukawotcherera pafupi ndi ubongo uja. Atatha anakhala pansi mwaulemu, atapinda manja.

"Amayi, kameneka kamalondera mphamvu ya magetsi. Ikatsika, kamaugwira ubongo kuti ugone. Ikakhazikika, kamadikira pang'ono n'kuudzutsa bwinobwino. Inu mupumeko tsopano."

"Ndiye kansabwe aka kandichotse ntchito ine, bambo?"

Masana omwewo magetsi anaphethira. Apongozi asanapeze n'komwe patapata wachiwiri, makina anali atalira kale kuti pii, mazira akutembenuka. Anakabisalira kuseri kwa chitseko kuti akagwire kakugona pantchito, koma kanalibe tulo, kanalibe miseche ya pampanda, sikankapita kuchimbudzi. Mkamwini anayamba kuimba likhweru. Anapukuta chikwama chawo, n'kuchiika pafupi ndi khomo, akuti chipitidwe mphepo.

Koma munthu wa sukulu amaiwala zapafupi. Kale apongozi akatanganidwa ndi miseche, mazira ambiri ankafera m'makina, anapiye n'kumakwana m'katoni imodzi. Ulendo uno anaswa onse, ngakhale dzira lina lopindika limene aliyense anali atalitayira mtima. Anapiye m'makatoni, anapiye m'nsapato, wina anakamupeza atagona m'wailesi ya kasitomala. Mkazi wa mkamwiniyo anati iye ali ndi ntchito yake m'tauni, aliyense asenze nzeru zake.

Apongozi anamupeza mkamwini akukwawa pansi pa tebulo, zitosi zili m'mawondo.

"Kanzanu kaja kamadziwanso kudyetsa anapiye?"

Kenako anapempha foni ya mkamwiniyo, n'kuimbira mng'ono wawo kuti anyamule bulangete abwere msanga, ntchito kuno yachuluka, si ya munthu mmodzi. Anamuuzanso kuti asavutike ndi kapu, ya bambo a kuno ndi yaikulu, azimwera limodzi.

Chikwama chija mkamwini anachibweza yekha kuchipinda, kenako anatuluka kukabwereka matiresi.