Nkhwangwa Yopita Nayo kwa Genti

Lufeyo adalota dzuwa lili paliwombo, atatsamira nkhokwe, mwala wonolera uli pamiyendo. M'mawa wa tsikulo adamva kuti mng'ono wake Genti, wokhala tsidya lina la mtsinje, wadula mtengo wa mbawa umene malemu mayi awo adabzala pagombe. Lufeyo adalumbira pamaso pa mkazi wake Nasibeko kuti dzuwa lisanalowe Genti aiona nkhwangwa.

M'malotomo adakwera m'nkhokwe muja kukatenga nkhwangwa yake, koma chimanga mudalibe. Mudali msika. Msikawo udali pansi pa mtsinje, madzi akuyenda pamwamba pa mitu ya anthu ngati denga, ndipo palibe amene adanyowa. Matemba ankadutsa pakati pa ogula osapereka moni. Malonda adali amtundu umodzi wokha, nkhwangwa, zitayalidwa pamphasa.

Wogulitsa adali a Zuze, malume ake, mmisiri wosema mitondo, amene adamwalira Lufeyo asanakwatire. Adavala jekete lomwe adawaika nalo m'manda, ndipo m'ndevu zawo mudali tizipalapasiro ta mitengo.

"Mwafika, a Phiri," adatero a Zuze, akumutchula Lufeyo ndi mfunda wake. "Mukufuna nkhwangwa ya ntchito yanji?"

"Ya Genti, amalume."

"Genti ndi mtengo wanji? Ine sindidausemepo."

"Ndi mng'ono wanga yemwe uja. Wadula mbawa wa amayi."

"Chabwino. Sankhani. Koma kuno nkhwangwa imayamba yalankhula, munthu n'kusankha pambuyo."

Lufeyo adagwira yoyamba, chinkhwangwa cha m'sitolo cha mpini wautali wopaka utoto wofiira.

"Ine ndimagwetsa kamodzi n'kamodzi, bambo," chidatero mwaulemu. "Koma ndikakwera m'mwamba sindibwezeka. Mukasintha maganizo ine ndili m'malere, musadzandidandaule."

Atachinyamula, mapazi ake adatitimira mumchenga mpaka m'mawondo. A Zuze adamuzula pomukoka kolala, monga ankachitira iye ali mwana.

Yachiwiri idali kankhwangwa kakang'ono, konyezimira, kofunda ngati mwana wa galu. Kadamunyambita chikhatho.

"Ine ndimabisika m'malaya," kadanong'ona. "Munthu amakulandirani ndi mpando, osadziwa kanthu."

"Iwe udadulapo chiyani?"

"Sindikumbuka. Ife sitikumbuka, amakumbuka ndi mtengo."

Lufeyo adayang'ana pachitsulo chake kuti adzione nkhope, koma adaona Nasibeko ataima pachipata cha ndende, kabasiketi ka chakudya kali m'manja, tsitsi litachita mbuu. Adakataya pansi, ndipo kadasambira n'kulowa pakati pa matemba.

Kumapeto kwa mphasa kudali ina yakale, yosula pamanja. Mpini wake udali wa mfundo kumutu, bowo lake lootcha ndi chitsulo chamoto, ndipo pogwira padali posalala ndi thukuta.

"Iyi ndi yanga yomwe," adatero Lufeyo. "Nanga bwanji siikulankhula?"

"Ikudikira imve kumene muiyang'anitse."

A Zuze adaitenga, nagogoda mpini pamwala. Chitsulo chidaguluka. Adachitola, nachibwezera m'bowo lomwelo, koma chopingasa.

"Amalume, mwaiwononga. Iyi tsopano ndi kasemasema."

"Chitsulo n'chomwecho, mpini ndi womwewo. Pitani, a Phiri, madzi akudzaza."

Pakhoma la madzi padali chitseko cha nyumba ya mayi ake, chija chokhala ndi chingwe m'malo mwa loko. Adachikankha, napezeka ali pagombe.

Mtengo wa mbawa uja udali utagwa mopingasa mtsinje, tsinde lili tsidya la Genti, nthambi zili tsidya la Lufeyo. Masamba ake adali asanafote, ndipo unkapuma pang'onopang'ono ngati munthu wogona. Pakati penipeni padaima Genti, manja atatambasula. Pansi pake madzi ankakwera, ofiira, atanyamula mapesi ndi mitondo.

"Achimwene," adatero Genti, "ndimabwera kwanu kudzagwada, koma mtengowu ukuterera. Kupitirira ndikulephera, kubwerera ndikulepheranso."

"Waima pamenepo kuyambira liti?"

"Chiugwetsereni."

Mtima wa Lufeyo udawira. Adaponda pamtengo, nakweza chida chake ndi manja awiri, maso ali pamutu pa Genti. Koma kasemasema satema cham'tsogolo. Amatsikira kumapazi kwa mwini wake. Chitsulo chidatera pakhungwa, patsogolo pa zala zake, ndipo chibanthu chachitali chidapindika n'kuuluka chili njiwa.

"Pomwepo, Lufeyo," udatero mtengo ndi mawu a mayi ake. "Pamenepo pakhala pakundiyabwa."

Lufeyo adafuna kulira, koma manja adali atakweza kale kachiwiri. Adasemanso, nasemanso. Pamene chitsulo chadutsa pankatsala pathyathyathya, pofiirira, ponunkhira bwino, poti phazi n'kukhazikika. Njiwa zidadzaza mlengalenga mpaka kudachita mthunzi. Iye ankasuntha pang'onopang'ono, thukuta likugwera mumtsinje, kufikira chitsulo chidaima pafupi ndi chala chachikulu cha Genti.

Onse awiri adachiyang'ana chalacho.

"Kweza phazi, chitsiru iwe," adatero Lufeyo.

Genti adakweza phazi, nagwira phewa la mkulu wake kuti asagwe. Dzanja lake lidali lozizira, lopepuka, monga lidaliri kale pamene ankamuwolotsa popita kusukulu.

"Kudula mtengo komwe sudziwa. Sudaone kumene udapendekera?"

"Ndidaona, achimwene. Ndimafuna ugwere kumtunda kuti ocheka matabwa aupeze bwino. Koma udakana. Udati ukugwera kwanu."

"Lekani phokoso," udatero mtengo. "Anthu akufuna kudutsa."

Kucheuka, Lufeyo adaona mzere wautali pagombe: amayi osenza nkhuni, mbuzi, mkwati ndi ambulera yake, ndi a Zuze kumapeto, mtondo uli paphewa. Onse ankadikira mwaulemu kuti theka lotsalalo lithe.

Adadzidzimuka dzuwa litapendeka. Nasibeko adali ataima pakati pa iye ndi nkhwangwa imene idatsamira khoma, manja ali m'chiuno.

"Bambo a Tereza, mukaitenga muyambe mwadula ine."

Lufeyo adadzuka, namulambalala mofatsa. Adagogoda mpini pamwala wonolera, chitsulo chidaguluka, ndipo adachibwezera chopingasa.

"Mayi a Tereza, kodi mtengo uja akuti wagwera kuti?"

"Akuti wapingasa mtsinje. Anthu akumuseka mlamu wanga."

"Amuseke ndithu, ndi chitsiru." Adayesa kuthwa kwa chitsulo ndi chala, nakoleka kasemasema paphewa. "Tiyeni kugombe. Inu muli ndi mawu okuwa. Mukamuuze abwereke kasemasema, ayambire tsidya lakelo. Tikumana pakati."