Mchere wa ku Rincon

"Ndani wapachika chimenechi?" ndinafunsa, mbale ya nkhuku yootcha ili m'manja.

Atsikana okongoletsa holo ija ya ku Lucan, muno mu Ireland, anangopitiriza kupopa mabaluni. Pakhoma, kumbuyo kwa tebulo la ulemu, panali mbendera ziwiri: yathu ya Malawi, ndi ina yaikulu ngati bulangete, yofiira, yoyera ndi yabuluu. Ya ku Holland.

"Ndine, achemwali," anatero achimwene anga a Ronald, akukonza tayi. Iwo ndiwo anali nkhoswe ya mwana wanga Kimberly pa chinkhoswe cha tsikulo. "Mkamwini wathu si wa ku Holland kodi? Pasipoti yake ndinaiona ndi maso angawa."

"Isaac ndi wa ku Bonaire."

"Aaa, inunso a Getrude! Kachilumba kosaoneka n'komwe pa mapu? Kumudzi akutionera pa Facebook. Mukufuna azikati mwana wathu wakwatiwa kuti?"

A Ronald ndi otero. Anavutika zaka zambiri kudikira mapepala muno mu Ireland, ngati ine ndemwe, ndiye kwa iwo pasipoti ya ku Ulaya ndi chinthu chochigwadira. Ndinafuna kuithothola mbenderayo pomwepo, koma alendo anali atayamba kulowa, ndipo nkhoswe sukangana nayo pamaso pa anthu. Ndinangoisiya, mtima uli kuwira.

Chimene chinkandiwawa n'chakuti dzulo lake ndinali nditacheza ndi amayi ake a Isaac, a Hilary, tikusenda mbatatesi m'khitchini mwanga ku Crumlin. Iwo ndiwo anabwera kudzaima ngati nkhoswe ya kuchimuna, poti Isaac alibe malume. Anandiuza za chilumba chawo chotentha, kufupi ndi Venezuela, ndi mudzi wawo wa Rincon. Makolo awo anali akapolo. Ankayenda wapansi kuchoka kumudziko kupita kugombe kukakumba mchere wa Adatchi, azungu a ku Holland, dzuwa likuswa mtengo, mapazi akung'ambika.

"Ukapolo unatha," anatero m'Chingerezi chawo chokoka, "koma mpaka lero malamulo athu amachokera kutsidya kwa nyanja, ku Holland. Anthu ovala majekete a chisanu ndiwo amatiuza mmene tingakhalire padzuwa."

Ndiye atalowa m'holo muja, mbendera ija anaiona. Anangokhala pampando, chikwama chili pamiyendo.

Mwambo unayamba bwino. Atsikana ofunditsidwa zitenje anabwera mmodzimmodzi, a Hilary akuvundukula n'kumakana kuti uyu ayi, uyunso ayi, mpaka anapeza Kimberly. Anthu anaseka, anavina. Kenako a Ronald anatenga maikolofoni.

"Kwathu sitipereka mwana kwa munthu wosadziwika kwawo," anatero, akumasulira m'Chingerezi. "Timafunsa mudzi, timafunsa mfumu, kuti zikadzavuta tidzadziwe kokadandaula. Mayi, mudzi wanu?"

"Rincon."

"Mfumu yanu ndani?"

A Hilary anangowayang'ana.

"Musachite manyazi, ndikuyankhirani ine. Mfumu ya ku Holland!" Analoza pakhoma. "Amayi, nthungululu zili kuti?"

Nthungululu zinaliradi. A Hilary anadikira mpaka zitatha, kenako anaimirira pang'onopang'ono n'kukoleka chikwama paphewa.

"Sindinawoloke nyanja kuti ndidzapereke mwana wanga m'dzina la anthu amenewo," anatero. "Isaac, tiye."

Isaac anaimirira, anakhalanso, anaimiriranso, dzanja la Kimberly osalisiya. Aliyense ankadziwa kuti nkhoswe ya kuchimuna ikatuluka pakhomo, chinkhoswe chathera pomwepo. Kimberly, amene Chichewa amangomva osayankha, anandiyang'ana misozi ili chuchuchu.

"Mum, please," anatero.

Manyazi anapha Lambe, ine ayi. Ndinawatsomphola achimwene anga maikolofoni.

"A Ronald, ndikufunseni. Tsiku la chinkhoswe cha amayi athu, dziko lathu linali m'manja mwa yani?"

"Achemwali, khalani pansi."

"Linali m'manja mwa Angerezi! Msonkho tinkapereka kwa iwo, ndalama zinali ndi nkhope ya mfumukazi yawo. Nanga atafunsidwa kwawo, amayi anati ndi a ku Mangalande? Anati ndi a ku Bawi, ku Ntcheu! Munthu akakhala pa munda wako, sindiye kuti wasanduka agogo ako. Inu amene chaka chilichonse pa 6 July mumavina m'holo yomwe ino mpaka thukuta kamukamu, lero mukuombera m'manja atsamunda a anzanu? Ha! Ndakwiya, achimwene, ndipo sindikubisa."

Ndinavula nsapato, ndinakwinda chitenje, n'kukwera pampando, ine mzimayi wa mawondo opweteka chifukwa chonyamula nkhalamba ku ntchito. Ndinagwira ngodya ya mbendera ija n'kukoka. Inatsika yonse, n'kugwetsa mabaluni.

"Mukundichititsa manyazi pa Facebook!" a Ronald anakuwa.

"Aone! Kumudzi nakonso ali ndi maso."

Wina kumbuyo anaseka. Mayi wina wa ku Zambia anayamba nthungululu yekha, ena n'kumuthandiza. Ine sindinasamale za iwo. A Hilary anali ataima pakhomo, dzanja lili pa chitseko, ndipo ndinawatsatira wopanda nsapato.

"Asewere," ndinatero. Mawuwo sanawamve, koma anaona ndikugwada, ndipo ndinapitiriza m'Chingerezi. "Funso lija ndikufunsani ndine tsopano. Zikadzavuta pa banja la anawa, tidzapite kwa yani?"

Anandiyang'ana. Anayang'ananso khoma lija.

"Mudzabwere kwa ine," anatero. "Ku Rincon, nyumba yachikasu kuseri kwa tchalitchi. Mukadzafunsa Hilary, ngakhale mbuzi zidzakulozerani."

Anandidzutsa, tinabwerera limodzi kutebulo.

Chinatsala n'chakuti ankhoswe agawane nkhuku, chizindikiro choti mabanja agwirizana. Ndinabwezera a Ronald maikolofoni yawo. Anailandira nkhope ili gwaa, koma mwambo amaudziwa, sakanathawa. A Hilary anatsegula chikwama chija n'kutulutsa kabotolo ka mchere wa miyalamiyala, woyera mbee.

"Ndinati ndidzampatsa mtsikanayu kuti akayambire khitchini yake," anatero. "Koma ayambe kulawa ndi amalume."

Anathyola ntchafu, anaiwaza mchere mosaumira, n'kuwapatsa a Ronald ndi manja awiri.

"Uwu ndi wakwathu. Idyani, mudziwe kumene mwana wanu akupita."

A Ronald anayang'ana ine, anayang'ana foni imene inkajambula, anayang'ana Kimberly. Analuma. Anaiwala kuti maikolofoni ili pakamwa, ndiye holo yonse ya ku Lucan, ndi onse otionera ku Ntcheu, anamva mchere wa ku Rincon ukulira m'mano mwawo: kukutu, kukutu, kukutu.