Manda a Kutsidya kwa Khwawa

"Annastazia ameneyu ndi ndani?" Immaculate anafunsa, foni ya malemu mwamuna wake ili m'manja.

A Paterson, akulu ake a malemuyo, anapitiriza kutakasa tiyi wotakasatakasa kale. Anali atafika dzulo lake kuchokera ku Lilongwe kudzatenga mtembo wa Zondiwe, ndipo chifikireni funso lililonse ankaliyankha lisanathe n'komwe, kupatula ili.

"Alamu, wakufa sazengedwa mlandu. Zisiyeni."

M'galaja ya nyumba yawo ku Bentley, mumzinda wa Perth ku Australia, amayi a kutchalitchi ankaimba chapansipansi. Patebulo la kukhitchini panali kapepala kamene Debbie, mwana wawo, anakapeza m'chikwama chimene bambo ake anali nacho kuchipatala. Kanalembedwa kuti: "Mukandiike kutsidya kwa khwawa, osati kumanda a Angozo. Annastazia akudziwa malo ake." Foni nayo inkasonyeza kuti Lamlungu lililonse masana, kwa zaka zitatu, Zondiwe ankaimbira mayi ameneyu, nthawi imene Immaculate amakhala ali kuntchito yake yosamala okalamba.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi ali pabanja! Immaculate anapsa mtima mpaka chisoni chinasowa pokhala. Munthu amene ankalephera kubisa ngakhale mphatso ya Khirisimasi, lero malo ake ogona akawaloze mkazi wina?

"Ndi chibwenzi, eti?"

"Mwamuna ndi mwamuna, alamu," a Paterson anatero mopepukidwa. "Inu ingolamulani kuti akumudzi akumbe pafupi ndi abambo athu. Kapepalaka ting'ambe."

Kupepukidwa kumeneko n'kumene kunamutsegula maso. A Paterson anali mkulu wa mpingo, munthu amene anakana kulawa chakudya pa ukwati wa mwana wake yemwe chifukwa mkwatibwi anali ndi pakati. Lero avomere chigololo cha mng'ono wawo ngati akuyankha moni? Pamenepa panali kanthu.

"Debbie, taimba nambalayi. Ya vidiyo."

"Mwana iwe, siya foniyo!" a Paterson anaimirira, koma Debbie, amene Chichewa amamva bwinobwino ngakhale amayankha m'Chingerezi, tsiku limenelo anachita ngati sakumva.

Pafoni panaoneka gogo wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, mandala ake omangirira ndi kachingwe, kumbuyo kwake chimanga chobiriwira.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Ndimadikira foni yanu," anatero gogoyo. "Kodi uyo ndi Paterson? Sunamuuze mlamu wako kuti ndine msuweni wa bambo ako?"

A Paterson anakhala pansi.

Gogoyo anafotokoza mosajejema, ngati mmene ankaphunzitsira ana kusukulu ya pulayimale kale. Agogo aamuna a Zondiwe anabadwa kwa mkazi wotchedwa Ndaziona. Ndaziona anagulidwa ali kamtsikana, ndi nsalu ziwiri ndi mchere, n'kukhala kapolo pakhomo pa Angozo. Mbuye wakeyo anabereka naye ana awiri. Wamwamuna anatenga mfunda wa bambo ake, wamkazi ndiye anabala Annastazia.

"Boma la atsamunda litalengeza kuti ukapolo watha, asikari anafika pamudzi kudzanena kuti kapolo aliyense abwerere kwawo. Ndaziona kwawo sankakudziwa, ndiye anangokhala, n'kumasinja m'mtondo womwewo mpaka kukalamba. Atamwalira, anthu anati lamulo la boma silifika kumanda. Anakamuika yekha kutsidya kwa khwawa, kumene ankatayako akapolo. Zondiwe anazimva kwa ine pa maliro a mayi ake, ndipo kuyambira pamenepo sanandipatse mpata wopuma. Lamlungu lililonse mafunso. Ankaimba nyimbo zanji? Ankalankhula chilankhulo chanji? Inu, mayi, ankafuna kukuuzani, koma mkulu wakeyo anamulumbiritsa."

Immaculate anatembenukira kwa alamu ake. "Ndi zoona?"

"Ife ndife Angozo!" a Paterson anamenya tebulo, tiyi n'kutayikira. "Mwana wanga wamkazi akukwatiwa mu Ogasiti. Mukufuna apongozi azidzanong'onezana kuti atenga mdzukulu wa kapolo? Inu muli kuno ku Perth. Kumudziko wokhala ndine."

"Ndiye munalolera kuti ndimuike mwamuna wanga m'manda ndikumuyesa wachigololo?"

"Chigololo anthu amaiwala, alamu."

Immaculate anachita manyazi, osati chifukwa cha a Paterson, koma chifukwa cha masiku awiri amene anakhala akumutukwana Zondiwe mumtima, mtembo wake uli mufiriji kwa osunga maliro. Misozi imene inakana kubwera chimwalirire mwamuna wake inabwera tsopano, ndipo Debbie anamugwira paphewa.

"Akagona kumene wanena," anatero Immaculate atapukuta m'maso.

A Paterson anaseka kaphwete kopanda chimwemwe. "Ndi mvula ya Febuluwale ino? Khwawa limene lija ladzaza. Bokosi lochokera kuno n'lolemera, la mtovu mkati. Adzaliwolotsa ndani, angelo?"

"Tadikirani," anatero gogo Annastazia.

Chithunzi chinagwedezeka. Kunaoneka mapazi ake m'kanjira ka matope, kenako msitu wa kumanda, kenako madzi ofiira akuthamanga m'khwawa. Pamwamba pa madziwo panali mlatho wachitsulo wopaka utoto wakuda, wokhala ndi zogwirira mbali zonse ziwiri. Kutsidya kunali kamtumbira kamodzi kosesedwa bwino, ndi malo olambulidwa pambali pake.

"Zondiwe anaumanga yekha chaka chatha, madokotala atamuuza za matenda ake. Anati wawotcherera zitsulo za eni ake kufakitale ya ku Kwinana kwanuko zaka makumi awiri, kamodzi kokha awotcherere zake. Masabata awiri ali pano, akutsokomola. Ndinamufunsa kuti mlatho waukulu chonchi ngwachiyani, poti kuno kumabwera ine ndekha ndi tsache langa."

"Anati chiyani?" Immaculate anafunsa.

"Anati, 'Onyamula bokosi amayenda awiriawiri. Komanso achimwene anga a Paterson ndi onenepa. Adzakana kaye, koma adzanyamula nawo, ndiye sindifuna adzagwere m'madzi.'"

A Paterson anayang'ana mlathowo nthawi yaitali. Kenako anavula mandala awo, n'kutsamira nkhope m'manja.