Mkazi Wina m'Nyumba ya a Gwaza

Filimu yachiwiri ya Alendo a Bambo Gwaza anakaionetsa ku Kasenengwa Loweruka masana, mu holo ya tchalitchi, mazenera atatchinga ndi mabulangete. Anasankha masana chifukwa jenereta inali yobwereka, ndipo mwini wake ankaifuna dzuwa lisanalowe kuti azitchajira anthu mafoni.

A Lyford Sakala, amene ankasewera ngati Bambo Gwaza m'filimu zonse ziwiri, anapita atavala jekete ndi chipewa cha nthenga pambali. Anali hedimasitala wopuma ntchito, mkulu wa mpingo, mwana wa mphunzitsi wa ku Tamanda. Chitulukireni filimu yoyamba, anayamba kuyenda pang'onopang'ono akafika m'tauni ya Chipata, kuti anthu apeze mpata wowazindikira.

Tsiku limenelo panali ndi nkhani ina imene inawavalitsa jekete kukutentha. Tamiwe, mwana wa mlongo wawo, ankakwatiwa ndi Boaz, mnyamata wa ku Kasenengwa komweko, ndipo nkhoswe ya kuchikazi anali iwowo. Unkhoswe umenewu anaudikira moyo wawo wonse. Mkulu wawo, malemu Alfonsi, ndiye ankatenga maunkhoswe onse a pabanjapo, iwo n'kumangopatsidwa pemphero lotsekera. Tsopano Alfonsi kunalibe, ndipo mwa ana a alongo awo, Tamiwe yekha ndiye anatsala osakwatiwa. A kuchimuna anali asanaonane nawo maso ndi maso, koma a Sakala anamva kuti abwera kudzaonera filimu. Ndiye m'filimumo munali malo ena pamene Bambo Gwaza amakhazika pansi mwana wake n'kumulangiza za banja. Mawu a malangizowo a Sakala analemba okha. Anali ataliatali.

Wojambula filimuyo anali Malcolm, amene kale anali mwana wawo wa sukulu, ndipo masiku ena onse ankajambula maukwati ndi maliro ku Nabvutika. Vuto limodzi lokha ndi limene anakumana nalo. Mayi Rhoda, ogulitsa zitenje, amene m'filimu yoyamba anali Nangozo, mkazi wa Bambo Gwaza, anapita ku Lusaka kukathandiza mwana wawo amene anachira, ndipo sankaoneka kuti abwerako msanga. Malcolm anangotenga Cynthia wa m'shopu ya mafoni n'kumuveka duku yomweyo. Mayi Rhoda anali munthu wodzaza pakhomo, mawu awo omveka tsidya la msewu. Cynthia anali wowonda, waulemu, ndipo anabadwa pambuyo pa mnyamata amene ankasewera ngati mwana wake woyamba.

"Kunja amachita choncho, aphunzitsi," anatero Malcolm. "Anthu sazindikira n'komwe."

A Sakala anavomera. Kunena zoona sanaiganizire kwenikweni nkhaniyo, poti mawu awo sanadulidwe.

Anapita pa galimoto ya Malcolm, atakhala kutsogolo, purojekita ili pamiyendo. Akazi awo, a Martha, anati atsatira pa minibasi akamaliza za kunyumba. Mu holo a Sakala anakhala pa benchi ya kutsogolo n'kusiya malo kumanzere kwawo. Mdima unali bii. Filimu itangoyamba, munthu wa chitenje anafika mwakachetechete n'kukhala pamalopo.

"Mwachedwa, amake Joshua," ananong'ona a Sakala, maso ali pa khoma pamene nkhope yawo inali itadzaza. "Gwirani chipewa ichi."

Chipewa chinalandiridwa.

Poyamba zinthu zinayenda bwino. Anthu anaseka pamene alendo a Bambo Gwaza anatsika basi ndi matilesi awoawo. Anaseka pamene nkhuku imene anabisira alendowo inalira m'kabati. Kenaka Nangozo anatulukira kuchokera kukhitchini atanyamula madzi osamba m'manja, ndipo kuseka kunathera pomwepo.

"Nanga ameneyu ndani?" anafunsa wina kumbuyo.

Pa khoma, Bambo Gwaza anatembenuka n'kunena mwachikondi kuti, "Nangozo, mkazi wanga, takalamba limodzi."

Panamveka kung'ung'udza kotsika, kofanana ndi kwa mpingo abusa akalengeza chopereka chachiwiri. A Sakala anakumva ngati ulemu. Atafika pa malangizo a banja paja, iwo ankatsatira mawu ndi milomo, uku akugunda mnzawo wa kumanzere ndi chigongono.

"Apa ndiye a kuchimuna atchere khutu," ananong'ona. "Akuti kuli azakhali ake a Boaz, a Fainess, pakamwa ngati wailesi yopanda kotsekera. Lero aphunzira mmene munthu wophunzira amalangizira."

"Mm," anayankha a kumanzere.

Mayina asanayambe n'komwe kukwera pa khoma, a Sakala anadzuka mumdima momwemo n'kukaima pakhomo, kuti otuluka asavutike kuwafunafuna. Koma palibe anatuluka. Malcolm anali atalengeza kuti akufuna kujambula maganizo a anthu pa foni, aike pa intaneti, ndipo ku Kasenengwa maganizo sapereka choimirira pakhomo ngati moni. Anachotsa mabulangete, anthu anakonza bwino zitenje ndi makolala, nakhala monga mmene amakhalira pa msonkhano wa feteleza.

Woyamba anati filimu ndi yabwino koma jenereta imalankhula kuposa anthu. Wina anati galu wa a Gwaza wanenepa, zikuoneka kuti filimu yoyamba inayenda malonda. Mayi wina anadandaula kuti alendo aja anadya osapemphera. Za malangizo a banja palibe anatchula. A Sakala anaganiza kuti anthu akusunga zazikulu kumapeto.

Ndiye anaimirira a Fulansisi, mlimi wa thonje, wa ndevu zoyera, amene pa misonkhano yonse ya m'deralo ankayamba ndi kupepesa.

"Pepani, ine sindinapite patali ndi sukulu. Amayi aja a m'filimu yoyamba anamwalira?"

"Ayi, agogo," anatero Malcolm.

"Anasudzulidwa?"

"Ayi. Ndi omwewo. Nangozo yemweyo."

A Fulansisi anayang'ana pa khoma pamene panalibenso kanthu. "Ndiye kuti anadwala kwambiri."

"Ngati ndi matenda obweza zaka, atiuze kumene anawatenga!" anakuwa mayi wina wotchedwa Rozi. "Enafe tikufuna atipatsire!"

Holo inagwa nako kuseka. Malcolm anadikira, foni ili m'mwamba, kenaka anafotokoza kuti iyi ndi filimu chabe, kuti amene ankasewera poyamba ali ku Lusaka, ndipo kunja amachita choncho.

"Tikudziwa kuti ndi filimu, mwana wanga," anatero a Fulansisi mofatsa. "Nkhuku ija inalira m'kabati tonse tamva kuti ndi iwe. Koma ngakhale pa sewero la Khirisimasi muno, Mariya akadwala n'kulowa wina, abusa amayamba alengeza. Mayi amene tinaseka naye, amene anathamangitsa apongozi ake ndi chipande, sangangosowa m'nyumba popanda wonena kanthu. Kwawo anauzidwa?"

Apa a Sakala anaona kuti nthawi yawo yakwana. Anayenda kuchoka pakhomo mpaka kutsogolo, manja kumbuyo, monga ankachitira pa asembule. Anayamba ndi kuthokoza. Anafotokoza kuti m'luso la sewero chofunika si nkhope ayi, koma uthenga. Anati munthu wozama saona duku kapena msinkhu, amamva mawu. Anali pafupi kubwereza malangizo aja, kuti amene anasokonezedwa ndi jenereta apindule, pamene mayi wina wa pa benchi ya kutsogolo anaimirira. Anali wamfupi, wa magalasi, ndipo m'manja mwake munali chipewa cha nthenga pambali.

A Sakala anayang'ana chipewacho. Anachizindikira msanga. Mayiyo ndiye sanamuzindikire.

"Ine ndine Fainess," anatero mayiyo. "Azakhali ake a Boaz. Wailesi ija."

Penapake panja mbuzi inalira, ndipo aliyense anaimva.

"Maganizo anga pa filimu ndi awa. Mtsikanayu wasewera bwino, alibe mlandu. Nanenso sindikunena kuti a Gwaza anakwatira mitala mobisa. Chimene chandiopsa n'chakuti bambo walowa m'nyumba mwake, wapeza mkazi wina, wochepa ndi theka, wamupatsa madzi, iye wasamba m'manja n'kuyamba kulangiza za banja. Ndinati mwina ndi zolemba za Malcolm. Koma ine ndakhala apa filimu yonse ndili amake Joshua. Ndasunga chipewa. Nthiti zanga kuno zikupweteka ndi chigongono."

"Munali mdima, mayi," anatero a Sakala.

"Ndinayankha kuti 'mm'. Akazi anu amayankha ndi mawu angawa?"

A Sakala anayesa kukumbukira mmene a Martha amanenera "mm". Sizinabwere.

"Nkhoswe ntchito yake n'kuona," anapitiriza a Fainess, osakweza mawu. "Ana akayambana sabwera kudzanena. Umangoona kuti lero mkazi wakupatsa moni akuyang'ana kumbali, kapena mwamuna wachapa yekha malaya. Tsono ife a kuchimuna tipereke mwana wathu m'manja mwa nkhoswe imene ingakapeze mkazi wina m'nyumba ya Boaz n'kumufunsa kuti, 'Tamiwe, wadzuka bwanji?' Tikapempha kuti a kuchikazi atipatse munthu wina."

Anthu anavomereza ndi mitu, monga amachitira mfundo ikagwira. Malcolm anali akujambulabe. A Sakala anamva jekete likulemera. Anaona patsogolo pawo ukwati wa Tamiwe, wina atakhala pa mpando wa nkhoswe, iwo akuitanidwa kumapeto kuti atseke ndi pemphero.

"Ndilankhuleko, mayi?"

Mawuwo anachokera kumbuyo, pafupi ndi khomo lomwe a Sakala anaimapo nthawi yonse ija. A Martha anali pa mpando wa pulasitiki, chikwama pamiyendo. Minibasi inawachedwetsa, ndipo atapeza kutsogolo kwadzaza anangokhala pomwe panali malo.

"Amake Joshua enieni ndine," anatero, ataimirira. "Zimene mwanenazo n'zoona. Bambowa saona. Ndinachotsa dzino lakutsogolo, anadziwa atamva kwa abusa. Ndinapita ku maliro ku Tamanda n'kugonako, pobwera ndinapeza akundiyankha funso limene ndinafunsa ndisanapite."

"Mayi inu mwapirira!" anatero Rozi.

"Koma ndinene chinthu chimodzi. Mukawaika pamalo, mudzawapeza pomwepo. Pamene ndinagonekedwa m'chipatala, anauzidwa kuti adikire pa benchi panja. Anamwino anasinthana, mvula inagwa, benchi anaisuntha kuti akolope, iwo anasuntha nayo. Tamiwe ndi Boaz akadzayambana, bambowa sadzadziwa kuti ayambana. Koma mukadzawauza kuti khalani apa mpaka agwirizane, anawo adzagwirizana. Adzayamba kuwalangiza mawu aja mwamva m'filimu. Palibe banja lingapirire mpaka kumapeto. Adzakhululukirana kuti apite."

A Fulansisi anagwedeza mutu. "Zimenezo n'zoona. Ine ndi akazi anga tinabwera muno tisakulankhulana. Pofika pakati pa malangizo aja tinayamba kunong'onezana."

A Fainess anatembenuza chipewa m'manja, akuganiza. A Sakala sanadziwe ngati atetezedwa kapena amalizidwa, choncho anangoima chilili, nkhope yaulemu.

"Chabwino," anatero a Fainess. "Unkhoswe akhale nawo. Koma kulikonse kumene apite pa nkhani ya ana athu, amayiwa azipita nawo. Bambo azilankhula, mayi aziona. Ndipo iwe Malcolm, mukadzapanga yachitatu, tikufuna tidzamve kumene Nangozo woyamba anapita, ndi amene anamuperekeza."

"Ndamva, mayi."

A Fainess anapereka chipewa ndi manja awiri. A Sakala analandiranso ndi manja awiri, ndipo anawayang'anitsitsa a Fainess kumaso nthawi yotalikirapo, kuti asadzabwerezenso.

Pobwerera ku Chipata sanakwere galimoto ya Malcolm. Anakwera minibasi, pambali pa akazi awo, atayamba atsimikiza kuti ndi iwodi. Fumbi linkalowera pa zenera losatsekeka. Anali adakali nkhoswe, ndipo m'mutu anayamba kale kukonza mawu oti akanene kwa a kuchimuna, koma anaona kuti ndi bwino ayambe ntchito yatsopanoyo pomwepo. Anawayang'ana a Martha kuyambira duku mpaka nsapato, mosamala, ngati akuyendera kalasi.

"Chitenje ichi n'chokongola, amake Joshua," anatero potsiriza. "N'chatsopano?"

"Munandigulira ndinu," anatero a Martha, akuyang'ana kunja. "Pa ubatizo wa Joshua."

A Sakala anagwedeza mutu mokhutira. Joshua anali ndi ana akeake tsopano, wamkulu ali ku sekondale, koma chitenjecho chinali chisanasuluke. Zinaonetsa kuti iwo, pa nkhani yosankha zinthu, diso anali nalo kuyambira kale.